Pamene hita ikana kuzima

Achinyamata anzathu, sabata ino tilingalire za vuto lina laling'ono limene limasautsa eni galimoto zakale. Peugeot 404 imene idayamba kupangidwa mu 1960, inzake ya 504 ya mu 1968, ndi Datsun 120Y ya m'ma 1970 zikutha pang'onopang'ono m'misewu yathu, koma zotsalazo eni ake amazisunga ngati mwana. Tsoka lake limadza mwezi wa Okutobala: kunja dzuwa likuswa mtengo, m'kati hita ikupemerera moto kumapazi, ndipo ngakhale tikankhire kachitsulo kake kumbali yozizira, palibe chosintha.

Ambiri a ife timathamangira kwa amakanika ku Ndirande kapena ku Bangwe ndi mawu amodzi: "Bwana, ingoiphani." Iwo amachotsa mapaipi awiri opita ku hita ndi kuwalumikiza okhaokha. Kutentha kumathadi tsiku lomwelo. Koma chiperoni chikafika mu Juni, kapena mvula ikatigwira usiku pa msewu wa ku Machinjiri, galasi la kutsogolo limachita nkhungu, ndipo mpweya wotentha woliumitsa palibe. Woyendetsa amapukuta ndi dzanja, pamene m'mbali mwa msewu muli ana ndi anjinga. Apa nkhani yafika pa moyo wa anthu.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Hita ndi rediyeta yaing'ono yobisika pansi pa dashibodi. Madzi otentha ochokera mu injini amadutsamo, ndipo fani imakankha mpweya kupyola pamenepo. Pa galimoto zambiri zakale madziwo amatsekedwa ndi valavu, imene ili ngati kampopi, yokokedwa ndi kebulo yochokera pa kachitsulo kaja. Pa zina madzi amayenda nthawi zonse, ndipo chimene chimatseka njira ya mpweya ndi kachitseko. Hita ikakana kuzima, ndiye kuti chimodzi mwa izi chaleka kumvera.

Tiyambe ndi chosafuna ndalama, ndipo tikhale awiri. Injini ili yozima, mmodzi asunthe kachitsulo m'kati, wina ayang'ane valavu. Ngati mkono wake sukusuntha, kebulo yaduka kapena yapulumuka pa kopanira kake, ndipo nthawi zina sikuluu imodzi imathetsa mlandu. Ngati ukusuntha mpaka kumapeto, tilize injini itenthe, kachitsulo kali kozizira, tizimitse, kenaka tikhudze mapaipi awiri aja mosamala. Onse akakhala otentha mofanana, valavu yatha m'kati kapena yagwidwa ndi dzimbiri, ndipo ifunika kuitsuka kapena kusintha. Pa galimoto ya kachitseko tione ngati kakufika potsekera, popeza siponji yake imafumbwa ndi ukalamba. Ngati ndi fani imene sileka kuzungulira, vuto lili ku switchi ndi mawaya, osati kumadzi. Chivundikiro cha rediyeta tisachitsegule injini ili yotentha. Madzi ake amathovoka ndi kuwotcha nkhope.

Tidzifunsenso kuti dzimbirilo lidachokera kuti. Kawirikawiri limachokera ku madzi apampopi amene timathira chaka ndi chaka popanda coolant. Dzimbiri limene lagwira valavu likudyanso rediyeta ndi pampu ya madzi. Kapeti ikanyowa kumapazi, ndipo m'galimoto mukamveka kafungo kotsekemera, hita yayamba kudontha, injini ikutaya madzi, ndipo gasiketi ili pangozi. Pa Volkswagen Beetle yakale, imene siigwiritsa madzi, mpweya umatenthedwa ndi mapaipi a utsi. Akabooka, mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo, ungathe kulowa m'kati ndi kupha.

Tikumbukirenso kuti hita yamoyo ndi bwenzi. Pokwera chitunda chochokera ku Chikwawa, muvi wa kutentha ukayamba kukwera, kuyatsa hita kumachotsako moto mu injini kufikira tipeze poima. Amene adaipha alibe thandizo limeneli.

Motero hita yokana kuzima ili ngati mthenga. Tikaitseka pakamwa, uthenga wake udzatipeza pa msewu, ndi mtengo wokwera. Sabata ino, amene kwathu kuli galimoto yotere, tipemphe atate kapena amalume titsegule nawo boneti, tiwafunse mwaulemu kuti madzi a mu rediyeta adasinthidwa liti.