Cimene Mayendedwe Athu Aulula

Anthu a kwathu anadziwa kale kuti munthu adziwika ndi mayendedwe ace. Mai aona mwana akubwera kucokera ku dambo, ndipo asanafike pakhomo adziwa kuti m'cala mwace mwalowa thekenya. Mbusa ayang'ana mapazi pa fumbi, nanena kuti ng'ombe yakuti yapweteka mwendo wa kumbuyo. Ngakhale ife pano pa sukulu ticita comweco, pakuti usiku, nyali zitazima, tidziwa ndi kugunda kwa nsapato kokha ngati wakudza pa khondeyo ndi mlonda kapena ndi aphunzitsi oyang'anira nyumba zogona. Tsono masiku ano anthu ophunzira apanga timakina tocita nchito yomweyi mwa kuyesa ndi kuwerenga, ndipo ndifuna kuuza anzanga owerenga cifukwa cace nkhaniyi yandigwira mtima.

Phazi limodzi liri ndi mafupa 26. Poyenda, cidendene ndico ciyamba kugunda pansi, kenaka thupi lonse litsamira pa phazilo, ndipo potsiriza cala cacikuru cikankha nthaka kuti mwendo unyamuke. Tikagawa nthawi yonseyi m'magawo 100, phazi likhala pansi magawo ngati 60, ndipo liuluka magawo ngati 40. Munthu akadwala, dongosolo limeneli lisokonezeka. Wa bondo lowawa afulumira kucotsa pansi phazi la mwendo wodwalawo. Wa nthenda ya Parkinson aponda pafupi-pafupi mokhwekhwereza. Wa mitsempha yofooka alephera kukweza zala, napunthwa ndi kamwala kakang'ono.

Nzeru yoyesa zimenezi si ya dzulo ai. M'caka ca 1872, ku Paris, Gaston Carlet, wophunzira wa Étienne-Jules Marey, anapanga nsapato zokhala ndi timatumba ta mpweya kunsi kwace. Munthu akaponda, mpweya unali kuthawira m'kapaipi ndi kukankha kacolembera kamene kanali kujambula mzere. Lero zonsezo zalowa m'kanthu kakang'ono kochedwa sensa, kamene aika m'kati mwa nsapato, kapena amanga pa mwendo kapena m'cuuno. Kena kayesa liwiro la phazi ndi kupendekeka kwace, mwina nthawi 100 pa sekondi imodzi. Kena kayesa malo amene phazi lipanikizika kwambiri. Zonsezi zitumizidwa ku foni popanda waya, ndipo kompyuta iwerenga kutalika kwa kaponda kali konse, m'mene zala zikwezekera, ndiponso ngati mwendo wamanja ndi wamanzere ziyenda mofanana. Foni zimene ziwerenga kuti mwini wace waponda kangati pa tsiku zigwiritsa nchito kanthu ka mtundu womwewu.

Wina adzafunsa kuti, "Nanga phindu lace nciani?" M'caka ca 2011, Dr. Stephanie Studenski ndi anzace ku America anaonetsa zimene anapeza pa anthu 34,485 a zaka 65 ndi kupitirira. Iwo anaona kuti nkhalamba zoyenda mita imodzi pa sekondi kapena kuposa zinali kukhala ndi moyo nthawi yaitali kupambana zoyenda pang'ono-pang'ono. Cifukwa cace ncakuti kuyenda kufuna mtima, mapapu, mitsempha, mafupa ndi ubongo, zonse pamodzi; cimodzi cikayamba kufooka, miyendo ndiyo iulula.

Koma cimene candicititsa kulemba ndi amalume anga. Iwo adwala matenda a shuga, ndipo ndi mlimi wolimbika amene sadziwa kukhala pansi dzuwa liri m'mwamba. Pa chuti ca Khirisimasi ndinali kuwathandiza kupalira cimanga. Tsiku lina madzulo, tiri kusamba m'miyendo pa citsime, ndinaona magazi ouma pa patapata wao, ndipo nditawerama ndinapeza munga waukuru utalowa kunsi kwa phazi.

"Malume," ndinatero, "kodi simukumva kuwawa?"

"Iai, mphwanga," anayankha moseka, "masiku ano ndikaponda ndiona ngati ndaponda pa thonje."

Ine sindinaseke, pakuti pamalopo panali patatupa kale. Tinawanyamula pa njinga kunka nao ku cipatala, koma cironda cinakana mankhwala, ndipo potsiriza anawadula zala ziwiri. Adokotala anatiuza kuti shuga aononga mitsempha ya kumapazi, kotero kuti munthu aleka kumva minga, moto ndi matuza. Amai anakumbukiranso kuti kwa miyezi ingapo anali kuona mlongo wao akuyenda mosiyana ndi kale, akuponda phazi lonse nthawi imodzi monga munthu woyenda m'matope.

Nditabwerera ku sukulu, aphunzitsi a sayansi anandiuza za Dr. Paul Brand, amene anagwira nchito pakati pa odwala khate ku Vellore m'dziko la India, nasamukira ku Carville ku America m'caka ca 1966. Iye anaphunzitsa kuti zala za akhate zitha makamaka cifukwa ca kuvulala kosamveka, ndi kuti ululu ndi mlonda wa thupi. Iye ndi anzace anagwiritsa nchito masokosi okhala ndi timatumba ta utoto, timene tinali kuphulika pa malo opanikizika kuti adziwe pokonza nsapato. Timakina ta lero ticita zoposa pamenepo: tiripo tina tocenjeza munthu akapondera malo amodzi nthawi yaitali, ndi masokosi oyesa kutentha, pakuti malo amene cironda cifuna kubuka ayamba atentha kuposa malo omwewo pa phazi linzace. Ndikaganiza za amalume, amene tsopano ayenda ndi ndodo, mtima undipweteka ndithu.

Komabe tisanyengeke, anzanga. Zinthu zimenezi nzamtengo wapatali, zifuna foni ndi magetsi, ndipo anthu ambiri kumudzi alima opanda nsapato zoikamo kanthuko. Ndiponso makina sacotsa munga, satsuka cironda. Angouza munthu, ndipo munthuyo ndiye acite kanthu. Cifukwa ca ici ndiganiza kuti ife amene tapata mwai wa sukulu tiri ndi nchito ziwiri. Yoyamba ndi ya m'tsogolo: ena mwa ife aphunzire udokotala ndi kupanga makina, kuti tsiku lina padzakhale kanthu kochipa kolowa ngakhale m'patapata. Ine mwini ndatsimikiza mtima kulimbikira masamu ndi sayansi pa cifukwa cimeneci.

Yaciwiri ndi ya chuti cikudzaci, ndipo sifuna ndalama. Akuru amati kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati kwanu kuli wodwala shuga, muziyang'ana kunsi kwa mapazi ace ndi pakati pa zala tsiku liri lonse, muzigwedeza nsapato zace asanabvale, ndipo musamlole kuyenda wopanda nsapato kapena kuotha moto pafupi. Mukaona agogo ayamba kukhwekhwereza mapazi kapena kutsalira m'mbuyo pa njira ya ku chalichi, musangoti ndi ukalamba. Apempheni mwaulemu kuti mupite nao ku cipatala.