Ichi Chakoma, Ichi Chakoma

Ku Japan kuli timabuku ta nthano za zithunzi totchedwa manga, ndipo tambiri timasimba za chikondi cha ana a sukulu za sekondale. Nthano ina yotchuka ndi Hana Yori Dango, imene Yoko Kamio adayamba kuilemba mu 1992. M'menemo mtsikana wosauka, Tsukushi, mtima wake ugaŵanika pakati pa anyamata aŵiri a m'mabanja olemera: Rui wofatsa ndi Tsukasa waukali. Woŵerenga amalira naye, naseka naye, koma akatseka buku palibe chimene wataya.

Kunyanja ya ku Mangochi nkhani yotere siithera papepala. Ku Msaka kapena ku Malembo mtsikana wa Fomu 2 amapezeka pakati pa mnzake wa m'kalasi, amene chuma chake ndi kalata ya pa pepala lothothola m'kope, ndi mwini chilimira wobwera ndi ndalama za usipa. Apa olimbana si anyamata aŵiri ayi, koma mtima ndi umphaŵi. Sopo ndi ndiwo zimagonjetsa kalata. Usipa ukasoŵa, boti limasamukira kudoko lina, mtsikana n'kutsala ndi pathupi.

Zoonadi, kuyambira mu 1993 wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idaletseratu ukwati wa mwana wosafika zaka 18. Komabe lamulo silibweza zaka zotayika. Tsukushi ali ndi mlembi womkonzera mathero okoma. Mtsikana wa kunyanja mathero ake amalemba yekha. Akumbuke kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.