Jamu Safuna Feteleza Wambiri

Pa mbande zonse zimene ndimagulitsa pa nazale yanga kuno ku Zomba, ya jamu ndiyo imene anthu amaiwononga pofuna kuisamala. Munthu akafika nayo kunyumba amaithira urea ngati chimanga. Chitsamba chimabiriwiradi, n'kuyanga mpaka kutseka njira ya kubafa, koma zipatso zake n'zowerengeka. N'chifukwa chake wogula aliyense ndimamuuza kuti, "Bambo, manyowa owola bwino odzaza manja awiri pa phando, basi. Musawonjezere."

Jamu wathuyu kwawo ndi ku South America, cha ku Peru, ndipo ndi mbale wake wa tomato ndi mbatata ya kachewere. Ubale umenewu muziukumbukira posankha malo: pamene munazula tomato chaka chatha musabzalepo jamu, poti matenda ndi tizilombo ta m'nthaka n'timodzimodzi. Jamu amakonda dzuwa ndi dothi losasunga madzi. Padambo mizu imawola.

Njere zake n'zazing'ono kuposa za tomato. Ndimafinya chipatso chakupsa m'kambale ka madzi, kutsuka, kuyanika pamthunzi, kenako kufesa pamwamba penipeni n'kuwaza dothi losefa pang'ono chabe. Zimachedwa kumera, nthawi zina milungu iwiri kapena itatu, ndipo ambiri amataya mtima n'kugalauza bedi. Mbande zikatalika ngati chikhatho ndimawokera madzulo, kusiya mita imodzi pakati, n'kuzika mphanda kapena nsungwi pambali, chifukwa nthambi zake n'zosachedwa kukhadzuka zikalemedwa. Pansi ndimaphimbira ndi udzu wouma.

Udzuwo uli ndi ntchito inanso. Jamu akapsa amadziyoyokera yekha, ndiye amagwera poyera osati m'matope. Apa ndi pamene pamafunika kudekha. Chipatso chimabisala m'kathumba kake. Kathumbako kakali kobiriwira musakakhudze, ndipo ana muziwaletsa, poti jamu wosapsa amapweteka m'mimba. Dikirani kaume, kasanduke kotuwa, kazilira tswatswa mukakagwira. Mukakang'amba mupeza kampira kachikasu konyezimira, kotsekemera mowawasira. Ogulitsa a m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe amadziwa kuti wosenda sachedwa kulobodoka, pamene wam'kathumba amakhala milungu ingapo pamalo pouma.

Mdani wamkulu amabwera ndi kutentha kwa Okutobala: akangaude ofiira. Tembenuzani tsamba, muona timadontho tikuyenda ndi kaukonde kopyapyala. Ine ndimathothola masamba ogwidwa kwambiri n'kuwatentha, otsalawo ndimawawaza madzi kunsi kwake m'mawa uliwonse, chifukwa akangaudewa amadana ndi chinyezi.

Chitsamba chikatha kubereka ndimachidulira mpaka cha m'mawondo kuti chiphukire nthambi zatsopano. Pofika chaka chachitatu zipatso zimayamba kuchepa msinkhu, ndiye ndimazula chakalecho n'kuwokera mbande ina pamalo ena.