Achimwene, chizungulire chija musabise

Achimwene,

Moni kuchokera kuno ku Govan. Alamu andiuza pa foni kuti munachita chizungulire mukuyendetsa thiraki popita ku Beira, koma simukufuna kuti abwana adziwe poopa kuchotsedwa ntchito. Ndiye tamverani zimene zinachitika kuno.

Pa 22 Disembala 2014, lole yonyamula zinyalala inagunda n'kupha anthu 6 m'tauni ya Glasgow, pafupi ndi George Square, kutsidya kwa mtsinje wa Clyde. Dalaivala anakomoka ali pa chiwongolero. Pa kafukufuku wa khoti mu 2015, zinaululika kuti anakomokaponso mu 2010 akugwira ntchito yoyendetsa basi, koma anabisa. Boma silinamuzenge mlandu wa imfazo. Achibale a omwalira anapempha kuti amuzenge okha, koma khoti linakana mu 2016. Khonsolo ya mzindawu inapereka chipepeso, kenako inasumira kampani ya basi ija kuti ibweze ndalamazo, koma inaluza mu 2022.

Zaka 7 zinathera m'makhoti, omwalirawo ali kumanda.

Chonde achimwene, pitani kuchipatala musananyamukenso ulendo wina, ndipo mukawauze adokotala zonse. Ntchito ikaima, fizi ya ana nditumiza ine.

Ndine mlongo wanu.