Mapepala anu ali pati?

Mphunzitsi mnzanga, musanatsegule phunziro lotsatira, dzifunseni kuti kalata yanu ya kubadwa, chitupa ndi satifiketi ya uphunzitsi zili pati. Ngati yankho ndi "penapake m'nyumbamu", tiyeni tikambirane.

Ku Ruwa, tawuni yomwe ili makilomita pafupifupi 22 kum'mawa kwa Harare pa msewu wa ku Mutare, kuli mabanja omwe makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu. Kwa zaka zambiri zitupa zawo zinkalembedwa mawu akuti "alien". Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anatsegula njira yoti obadwira m'dzikomo kwa kholo lochokera m'dziko la SADC akhale nzika, ndipo Chichewa chinalowa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe, ukafika ku ofesi amayamba akufunsa pepala.

Pochita maphunziro ndi aphunzitsi a kumeneko, ndinaona kuti chosautsa makolo ambiri ndi kalembedwe ka maina. Chishona cholembedwa chilibe chilembo cha l, choncho Mwale amasanduka Mware. Phiri nayenso amalembedwa Piri. Dzina la bambo likasiyana ndi la mwana, kalata ya kubadwa imachedwa, mwanayo n'kudzavutika polembetsa mayeso a Giredi 7.

Yambani ndi kwanu. Ikani mapepala onse m'chikwama chimodzi chapulasitiki, pamodzi ndi khadi la bungwe la maliro, ndipo akunyumba adziwe pomwe chili. Pepala lililonse lijambuleni ndi foni n'kutumiza kwa m'bale wodalirika. Khalani ndi makope odindidwa kupolisi. Kamodzi pachaka, sukulu isanatsegulidwe, yerekezani maina chilembo ndi chilembo, muonenso tsiku lomwe pasipoti idzathe ntchito.

Kenaka pitani nazo m'kalasi, kaya muli ku Ruwa, ku Chipata, ku Tete kapena ku Dedza. Kudzaza fomu ndi phunziro la chilankhulo: ophunzira alembe dzina lawo lonse, la makolo, tsiku ndi malo obadwira monga zilili pa kalata yawo. Amene alibe kalatayo mudzamudziwa nthawi ikadalipo, n'kuitana makolo ake mwaulemu. Mmera m'poyamba: kaundula wa kalasi yoyamba muunikeni teremu ino.