Masiku Atatu pa Sukulu ya Mdzukulu Wanga

Mwana wanga wamkazi amakhala ku Milange, m'bairro ina ya m'munsi mwa phiri la Tumbine, kumene nyumba zambiri n'zalendi ndipo madzi amakatunga pa mjigo. Iye amagulitsa tomato ndi usipa pamsika, mwamuna wake amanyamula anthu pa njinga kupita kumalire a Muloza. Mwezi wa Meyi caka catha anandiimbira foni ndili kuno ku Mongue.

"Ababa, mdzukulu wanu ali kalasi yacitatu koma satha kuwerenga ngakhale dzina la sopo. Sukulu ya kuno njacabecabe. Ndaganiza zomutumiza kwa azakhali ake ku Mulanje, akaphunzire ku Malawi."

Kwa ife a m'malire, maganizo otere si acilendo. Inenso zilembo ndinazidziwira tsidya lomwelo, nkhondo itatithamangitsa, ndipo tinabwerera mtendere wa 1992 utabwera. Komabe kutumiza mtsikana wa zaka 9 kukakhala m'nyumba ya eni si nkhani yaing'ono. Cina, mwana wophunzira Cingerezi akabwerera kuno amapeza kuti sekondale, cipatala ndi maofesi zonse zikuyankhula Cipwitikizi. Ndinamuuza kuti ayambe wadikira, ndikaione ndekha sukuluyo.

Tsiku loyamba ndinafika nditavala jekete, ndipo mkulu wa sukulu anandilandira mwaulemu. Anandionetsa mdadada umodzi wa makalasi wopaka utoto, wokhala ndi madesiki, ndi wina umene malata ake anasasuka ndi namondwe Freddy mu 2023 ndipo kufikira lero sunafoleredwe wonse. Ana ena amaphunzira pansi pa mtengo wa mango, atakhala pa masaka ndi pa njerwa. Ena amalowa m'mawa, ena masana, poti malo ngocepa. Zimbudzi zinalipo zocepa, zopanda zitseko. Mdzukulu wanga anali ndi mwayi, kalasi yake inali mu mdadada wa utoto uja. Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti ngati mwana wa pa desiki satha kuwerenga, nanga a pansi pa mango ndiye ali pati?

Usiku umenewo ndinatenga kope lake. Zolemba zake zinali zokongola, mizere yoongoka, masamba odzaza Cipwitikizi. Nditamulozera liwu limodzi kuti awerenge, anangoyang'ana pansi. Anali atakopera zonse pa bolodi monga momwe munthu amajambulira maluwa pa nsalu. Pamenepo ndinakumbuka kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kope lodzaza lingathe kunamiza kholo kwa zaka zitatu, makamaka kholo limene nalonso Cipwitikizi limangocimva pamsika.

Tsiku laciwiri ndinapita osauza munthu, jekete nditalisiya. Ndinakhala pa citsa pafupi ndi amayi ogulitsa zitumbuwa, n'kumangoyang'ana. Belu litalira, makalasi ena anayamba pomwepo. Ena awiri anakhala opanda mphunzitsi mpaka dzuwa kukwera, ana akungothamangitsana. Kalasi ya mdzukulu wanga inali imodzi mwa iwo. Aphunzitsi ake atafika analemba bolodi lonse, anauza ana kuti akopere, n'kutuluka kukayankha foni.

Zimenezi si za ku Milange kokha. Mu 2014 a Banki ya Dziko Lonse anayendera sukulu za pulayimale m'Mozambique modzidzimutsa, napeza kuti aphunzitsi 45 mwa 100 alionse sanali pasukulu tsiku limenelo. Mayeso amene Unduna wa Maphunziro unapereka mu 2016 anaonetsa kuti ana a kalasi yacitatu owerenga pa mlingo woyenera sanakwane 5 mwa 100 alionse. Ndiye mdzukulu wanga sanali mbuli ya m'banja mwathu ayi. Anali mmodzi mwa ambirimbiri.

Koma pansi pa mango paja pankacitika zina. Panali mphunzitsi wamkazi wacitsikana ndi ana a kalasi yaciwiri, oculuka moti ena anali padzuwa. Bolodi lake linali kathabwa kotsamira pa mtengo. Amalemba liwu la Cipwitikizi, *pato*, n'kufunsa m'cinenero cathu, "Kodi cimene cimasambira pa dambo, cokhala ndi mulomo wophwatalala, n'ciyani?" Ana onse pamodzi, "Bakha!" Kenaka amaliduladula liwulo, *pa*, *to*, n'kuitana mwana mmodzimmodzi kuti aloze ndi kamtengo. Wolakwitsa samukalipira, amamubweza kuti ayesenso. Poweruka ndinaitana ana atatu a kalasi imeneyo, ndinawaonetsa pepala la mbewu ya cimanga limene linali m'thumba mwanga. Awiri anawerenga, mokakamira inde, koma anawerenga.

Nditawayamikira aphunzitsiwo, anayankha motsitsa mawu. "Ababa, sukulu ino ndi ya Cipwitikizi cokha. Koma mwana wosamva cimene ndikunena, ndimuphunzitsa bwanji?" Zimene amacita mayi ameneyu boma lomwe linaziyesa kale. Kuyambira 1993 mpaka 1997 panali ncito yoyesera yochedwa PEBIMO, imene inaphunzitsa ana m'Cinyanja ku Tete ndi m'Xichangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analoledwa m'sukulu zina za boma. Mwana amayamba kuwerenga m'cinenero ca kwawo, Cipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Makolo ambiri timaopa kuti zimenezi zimacedwetsa mwana. Ine ndinaona ndi maso anga kuti wocedwa ndi uja amakopera zimene sakuzimva.

Tsiku lacitatu ndinapempha kuona buku la maina la kalasi ya mdzukulu wanga. Ndinapita ngati woweruza, koma mlandu unanditembenukira. Pa dzina lake panali zizindikiro za kujomba zambirimbiri. Masiku amene mayi wake amapita kukaoda tomato, iye amatsala ndi kamcimwene kake kakhanda. Ndipo caka capitaco, nyengo yokolola nandolo, anakhala milungu itatu kwathu ku Mongue. Amene anamuitanitsa ndinali ine. Kafukufuku wa 2014 uja anapezanso kuti ana 56 mwa 100 alionse sanali m'kalasi. Nambala imeneyi sitikonda kuichula, cifukwa imaloza pakhomo pathu.

Madzulo tinakhala pansi ndi mwana wanga ndi mpongozi wanga. Ndinawauza kuti sukuluyi ili ndi zilema zake, denga, zimbudzi ndi aphunzitsi ena ofika mocedwa, koma siinafe. Ndinawauzanso kuti ku Malawi nakonso makalasi ngodzaza ciyambire maphunziro aulere mu 1994, ndipo palibe amene angatilonjeze kuti kumeneko mwana akapeza mphunzitsi ngati wa pansi pa mango uja. Mwana wanga anadandaula. "Nanga ababa, ndisiye msika? Tidya ciyani?" Funso limenelo ndinalibe nalo yankho lofulumira. Tinagwirizana kuti masiku okaoda, khanda azilisiya kwa mayi woyandikana nawo nyumba, iye azimupatsako tomato. Ine ndinalonjeza kuti nandolo ndizikolola ndi aganyu.

Ndinamuuzanso za Conselho de Escola, bungwe la pasukulu limene mumakhala makolo, anthu a m'dera, aphunzitsi ndi ana. Ndi malo ofunsirapo cifukwa cimene kalasi imakhalira yopanda mphunzitsi, ndiponso mmene zayendera ndalama za ADE zimene boma limatumiza kusukulu. Mwana wanga anali asanapiteko ku msonkhano ngakhale umodzi. Amaona ngati ndi za anthu odziwa Cipwitikizi. Ulendo wotsatira anapita ndi amayi anzake anayi a pamsika, ndipo anayankhula m'Cinyanja. Palibe anawaletsa.

Inu amene muli ndi ana ku Milange, kapena m'midzi yathu ino, mukafuna kudziwa ngati sukulu ili bwino musayambire pa utoto. Pitani tsiku limene sakukuyembekezani, muone ngati mphunzitsi ali m'kalasi. Mverani ngati ana akuyankha kapena akungokopera. Tengani pepala lililonse, mwana akuwerengereni mzere umodzi n'kukuuzani tanthauzo lake. Mukatero pemphani buku la maina, muwerenge masiku amene mwana wanu anajomba, ndipo mudzifunse amene anamujombetsa.

Denga lija silinakonzedwebe, ndipo aphunzitsi ocedwa aja akuti asintha pang'ono cabe. Mdzukulu wanga sanapite ku Mulanje. Loweruka lililonse kwa miyezi inayi amapita kwa aphunzitsi a pansi pa mango aja, amene anavomera kumuthandiza pamodzi ndi ana ena a m'bairromo. Pa Khirisimasi anabwera kuno ku Mongue. Tili pakhonde anatola thumba la feteleza lopanda kanthu, n'kuyamba kuliwerenga liwu ndi liwu, cala cili pa zilembo. Pena anakakamira, ndinafuna kumuuza, koma anandigwira dzanja.

"Dikirani agogo, ndimaliza ndekha."