Musawafunse Kuti "Mukundidziwa?"

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu osamalira okalamba omwe ali ndi matenda oiwalaiwala, omwe achipatala amati dementia. Ophunzira anga si anamwino ayi. Ndi ana aakazi, apongozi, zidzukulu, amayi a mvano ndi anthu ongodzipereka a m'midzi ya kuno ku Ntcheu. Ambiri amafika ndi funso limodzi: "Ife agogo timawakonda kale, ndiye mutiphunzitsa chiyani?" Chikondi chawo sindichikayika. Koma ndaona kuti chikondi chopanda luso chimatopa msanga, ndipo chikatopa wovutika ndi wodwala.

Timayamba ndi matendawo. Si ukalamba wamba, si kulodzedwa, komanso si mwano. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali nawo, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany yemwe anaufotokoza mu 1906. Wina umatsatira sitiroko ndi kuthamanga kwa magazi. Mankhwala ochiziratu palibe, kotero tsiku la wodwala limakoma kapena kuipa malinga ndi munthu yemwe ali naye pafupi.

Zimenezi sizilowa ndi choko pabolodi. Ndimakhazika wophunzira mmodzi pampando n'kumumanga nsalu kumaso. Anzake awiri amamudzera kumbuyo, wina kumuvula juzi, wina kumugunda ndi supuni pamlomo, uku akucheza zawo ngati palibe munthu. Sipatha mphindi, iye amakankha dzanja, mwina kukalipa kumene. Ndikamumasula ndimamufunsa kuti, "Kodi mayi, ndinu wovuta?" Onse amaseka, kenako kuli zii, chifukwa ndi mawu omwewo omwe amanenera agogo kunyumba.

Tikatero timayeserera njira ina. Dzerani kutsogolo. Gwadani kapena khalani pansi kuti maso alingane. Nenani kuti ndinu yani. Lankhulani chinthu chimodzi, mudikire yankho ngakhale lichedwe. Tom Kitwood wa pa yunivesite ya Bradford analemba buku mu 1997 lotsindika kuti tiziyamba taona munthuyo, matenda pambuyo. Kwathu kuno maziko ake tili nawo kale m'mwambo. Gogo yemwe wataya tsiku ndi chaka nthawi zambiri amatembenuka akamva kuti "aNaphiri" kapena "aNangozo". Mfunda umakhalitsa m'mutu, ndipo umamuuza munthu kuti akadali wolemekezeka.

Chizolowezi chovuta kuchisiyitsa ndi chija cha alendo akabwera: "Agogo, mukundidziwa? Ndine ndani?" Wofunsayo amayesa akucheza, koma kwa wodwala ndi mayeso omwe amalephera pamaso pa anthu. Ena amakwiya, ena amangozyolika. N'chifukwa chiyani osangonena kuti, "Agogo, ndine mdzukulu wanu, ndabwera kudzakuonani"?

Pomwe timatsutsana kwambiri ndi pa nkhani ya omwalira. Gogo amafunsa kuti, "Abambo a kuno sanabwere?" pomwe mwamuna wakeyo anaikidwa zaka khumi zapitazo. Mukamuuza kuti anamwalira, kwa iye ndi uthenga wa lero. Amalira maliro atsopano, mawa adzafunsanso. Amayi a mvano amandifunsa molimba kuti, "Ndiye aphunzitsi, tiziwanamiza?" Funsoli ndi loyenera, ndipo sindiphunzitsa bodza. Ndimati mvetserani chomwe chili kuseri kwa funsolo, chomwe kawirikawiri ndi mantha kapena kusungulumwa. Yankhani kuti, "Mwawasowa eti? Paja munakumana kuti?" Nkhani zakale zimatsalira m'mutu kuposa za m'mawa uno, ndipo gogo akayamba kusimba nkhope imamasuka. Koma akakuyang'anani n'kufunsa mwachindunji ngati anamwalira, muuzeni modekha, mukhale naye mpaka mtima utsike.

Chimodzimodzi akanena kuti mwamubera ndalama: kudziteteza kumangokolezera moto, koma "tiyeni tifunire limodzi" kumazimitsa. Dzuwa likamalowa ambiri amatekeseka, amamanga kamtolo kuti akupita kwawo. Kutseka chitseko kumabala ndewu. Yendani nawo pang'ono, pobwerera muwapatse lichero la nyemba asankhe, kapena chimanga atonole. Manja amakumbukira zomwe mutu wataya. Ndimachenjezanso kuti gogo akasokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse, mwina ndi malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo. Pamenepo mpofunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali chifukwa china chomwe ndimaitanira anyakwawa ndi akuluampingo ku maphunzirowa. Wodwala amatha kutuluka usiku, kuvula zovala, n'kupezeka mbandakucha pakhomo pa eni ake asakudziwa kwawo. Tonse tikudziwa zomwe anthu amanena: mfiti yagwa paulendo. Akamupanikiza ndi mafunso, munthu wosokonezeka amavomera chilichonse. Mu Januwale 2016 anthu ku Neno anapha okalamba anayi powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. M'dziko lotere, gogo wosokera usiku moyo wake uli pachiswe. Ndiye ndimalimbikitsa mabanja kuti asabise matendawa. Auzeni amfumu, oyandikana nawo, ngakhale anyamata a kabaza, kuti akamuona amuperekeze kwawo.

Tsiku lomaliza timakambirana za wosamalirayo. Nthawi zambiri amakhala mayi mmodzi, wosagona tulo, womvera funso lomwelo kambirimbiri, pomwe abale a m'tauni amangoimba foni n'kumadzudzula. Munthu wotere ngakhale aphunzire bwanji, tsiku lina adzakalipa basi. Choncho palibe yemwe amachoka asanalembe papepala mayina a anthu atatu omwe angamulandireko: wa Lachitatu masana, wa Lamlungu kuti apite kutchalitchi, ndi wogona nawo usiku umodzi pasabata. Pepalalo timaliwerenga pamaso pa amfumu, ndipo pakatha mwezi ndimadutsa m'makomomo kukafunsa ngati anthu atatuwo akubweradi.